Kompuresa Itasiya Kung'ung'uza

Anthu a mumsewumo ankangomutcha Fuzi, chifukwa chilichonse chikafa, kaya wailesi kaya ayironi, iye ankayamba wafunsa za fuzi. Kashopu kake kanali kothina, kodzaza mitembo ya mawailesi mpaka kudenga. M'menemo ndi momwe anapangira mlongo wake, woimba, kompuresa ya mawu: kabokosi kachitsulo kobweza mawu akakwera kwambiri, kuti nyimbo izituluka mosalala m'masipika onse awiri.

Tsiku loyesa, bokosilo linamuchititsa manyazi. Sipika ya kumanzere inkangonong'ona pamene ya kumanja inkakuwa. Pansi pa zonsezo pankamveka kung'ung'uza, mmmmm, ngati njuchi zotsekeredwa mumgolo.

Vuto la kumanzerelo silinachedwe. Anapeza pamene mtovu sunagwire bwino, ndipo atawotchereranso, timasingano tiwiri ta kumaso kwa bokosi tinayamba kuvina limodzi. Koma kung'ung'uzako kunakana. Anasintha mawaya onse. Anazimitsa firiji ya mayi wogulitsa zakumwa khomo linalo, mayiyo n'kumukalipira. Akagwira bokosi ndi dzanja, phokosolo linkasintha mawu ngati galu amene wazindikira kuti pabwera munthu.

Loweruka m'mawa kunabwera alamu ake, mwamuna wa mlongoyo, amene ankamupezera malo okaimba. Madzulo ake kunali ukwati kuholo.

"Alamu, nanga njuchi zanuzi tikaimba nazo limodzi?" anafunsa akuseka. "Tizigulire yunifomu?"

"Ndikusakabe pamene zikuchokera," anatero Fuzi.

"Inu mumakonda kuzungulira. Anzanu amangodula waya wobiriwirawo mupulagi, basi phokoso latha."

Fuzi ankaudziwa wayawo. Ntchito yake ndi kuthawitsira pansi magetsi osokera, asanapeze munthu. Anati akane, koma alamuwo anali ataima pakhomo akugwedeza makiyi, ndiye anaganiza zongoyesa kuti aone. Anatsegula pulagi, n'kudula. Atayatsa, m'shopumo munangoti zii.

"Mwaona?" anatero alamu. "Mutu umodzi susenza denga."

Fuzi sanaseke. Bata limenelo silinamusangalatse. Phokoso silinachire ayi, linangotsekedwa pakamwa. Chinthu chimene chinkathawira muwaya uja tsopano chinalibe kolowera, ndipo chinali chikhalire m'bokosimo.

"Musalinyamule," anatero. "Mabatire a mita yanga yoyezera magetsi atha. Ndikagule, ndiliyeze kaye."

Kusitolo kunali mzere, ndipo wogulitsa ankasaka mabatirewo ngati akusaka singano. Pobwerera, Fuzi anapeza pathebulo pali bwalo loyera pakati pa fumbi, pamene panali bokosi paja. Mayi wa zakumwa anasuzumira.

"Alamu anu anyamula. Akuti musadandaule, likuimba bwino."

Anawaimbira foni, sinayankhidwe. Anaimbira mlongo wake, inali yozima. Anatseka shopu osakhoma n'kuyamba kuthamanga. Kunja kunali kutagwa mvula yowaza, ndipo njira yonse ankangoganiza za chizolowezi cha mlongo wakeyo: nyimbo ikamukoma, amavula nsapato n'kuimba chopanda kanthu kuphazi.

Asanafike n'komwe pachipata cha holo, anamva mawu a mlongo wake. Anali oyera, okwanira mbali zonse ziwiri, opanda kachitsotso. Chipangizo chake chinali chisanamvekepo bwino chonchi, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa. Mlonda anamugwira malaya kufuna khadi la ukwati. Fuzi anamukankha n'kulowa.

Anaona mlongo wake kutsogolo, pasimenti yonyowa ndi mapazi a anthu ochokera pamvula. Nsapato zake zinali pambali, zogundanitsidwa bwinobwino. Maikolofoni inali pachoimikira chake, ndipo iye ankaimba manja ali m'mwamba, asanaikhudze.

"Chemwali, usagwire!" anakuwa Fuzi, koma ng'oma zinameza mawu ake.

Mlongoyo anamuona, namwetulira, n'kutambasula dzanja kuti akoke maikolofoni amulonjere mchimwene wake pagulu.

Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Sanakuwe. Anangouma chiimire, zala zitakanirira pachitsulo, mlomo utamatirira, maso ali tong'o. Anthu ena anaomba m'manja poyesa ndi kavinidwe. Fuzi anadumpha mipando, nagwetsa mwana wa eni ake ndi mbale yomwe, n'kuzula chingwe chonse kukhoma. Pamenepo m'pamene mlongo wake anagwa, mutu n'kumenya pasimenti.

Anatsitsimuka m'galimoto, ali pamiyendo pa Fuzi, alamu akuyendetsa osatembenuka ngakhale kamodzi. Kuchipatala anati mtima uli bwino, koma mlomo unapsa, ndipo zala ziwiri za kudzanja lamanja zinachita dzanzi limene silinathe.

Patapita masiku, Fuzi anatsegula bokosilo. Thiransifoma yake, imene anaichotsa muwailesi yakale, inali itapserera m'kati, ndipo magetsi ankadontha n'kulowa m'chitsulo chonse mpaka kumaikolofoni. Anakhala nayo m'manja nthawi yaitali, kenako anaiphwanya ndi hamala kuti wina asadzaitole.

Alamu anayamba kuuza anthu kuti magetsi a kuholoko ndi amene anali oipa. Fuzi sanawatsutse, komanso sanawaperekeze pabodzalo. Akakumana pamsewu ankangopatsana moni wa pakamwa, manja ali m'thumba.

Mlongo wake anabwera kushopu chilonda chitapola. Anakhala pampando wa makasitomala, akupinda ndi kutambasula zala zija.

"Achimwene, anadula wayayo ndani?"

"Ndine."

"Anakuuzani ndi alamu anuwo?"

Fuzi anayang'ana pansi. Mlongoyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankazidziwa kale.

"Lamulungu lino ndikaimbanso," anatero akuimirira. "Akuti abwereka makina kwa mnzawo. Mubwere msanga ndi mita yanu ija. Iwowo musawauze kuti ndakuitanani."