Chigumu Chachiwiri

Chaka chilichonse, pa tsiku lobadwa la mwana wake Tinyade, Esitere wa ku Yofu ankaphika zigumu ziwiri. China chinali chachikulu chodyera banja lonse, china chaching'ono ngati chikhatho. Chaching'onocho palibe ankachilawa. Chinkangokhala m'mbale yovundikira mpaka nyerere zitachitulukira.

"Amama, nyererezi ndi abale athu kodi?" ankatero Tinyade, kuseka mayi ake. Esitere ankangoti, "Iwe idya chako, usandisokose."

Chaka chino Tinyade ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, msinkhu wokalembetsa chiphaso cha unzika ku Chipyela. Aphunzitsi ake anamuuza kuti akatenge khadi lake la kusikelo kuti asakaphonye tsiku. Esitere atamva zimenezi anachita mantha, pakuti ankadziwa zimene namwino analemba pakhadipo. Anati adzalifuna yekha mawa. Mawa n'kukhala mkuja, khadi osatuluka m'sutikesi.

M'mawa wa tsiku lobadwalo, akukanda ufa ndi nthochi, zonse zinamubwerera. Paja chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lija, zaka zambiri zapitazo, matenda a uchembere anamuyamba dzuwa litangotuluka, mwamuna wake Simoni asanabwere kunyanja. Ananyamuka wapansi ndi apongozi ake aakazi, a Marian, pamodzi ndi amayi awiri oyandikana nawo, kulowera kuchipatala. Njira ya ku Chipyela ija, anthuni, wopanda katundu amaiona yaifupi. Atafika pamlambe wina miyendo inakana. Amayi aja anamutchinga ndi zitenje, ndipo pomwepo mwana anabadwa, wamkazi, tsitsi bii. Koma sanalire. Anamusisita, anamuuzira mpweya, mwana zii.

Mimba inali isanaphwe. Anamunyamula Esitere mpaka kuchipatala, ndipo kumeneko kunatuluka winanso, wolira ngati akumulanda kanthu. Ameneyo ndiye Tinyade.

Esitere atafuna kulira woyambayo, apongozi ake anamugwira pakamwa. "Osalira! Mapasa amaitanana. Ukagwetsa msozi, wotsalayu amutsatira mnzake. Ndipo usadzamuuze." Amayi okhaokha anakamuika mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda dzina. Esitere sanaone n'komwe malo ake.

Ena adzati apongoziwo anali ouma mtima. Ayi ndithu, anali ndi mantha, ndipo manthawo anamupatsira Esitere. Tinyade akangotentha thupi, Esitere ankadzifunsa ngati sanalire kutulo mosadziwa. A Marian anamwalira kalekale, koma dzanja lawo linali likadali pakamwa pake.

Masana anthu anabwera. Simoni anawotcha chambo, anzake a Tinyade anaimba nyimbo yawo yachizungu ija, mawu akuwapotoza mmene angathere, kenaka anamuthira madzi a m'ndowa mpaka diresi latsopano linamata thupi. Esitere anaseka nawo, koma ankangoona malo opanda munthu pambali pa mwana wake.

Tinyade analowa m'nyumba kukasintha. Anachedwa. Esitere atamutsatira, anamupeza atakhala pamphasa, sutikesi ili yasa, khadi lachikasu lili m'manja.

"Ndimafuna chitenje chouma," anatero Tinyade motsitsa mawu. "Amama, apa alemba kuti ndine wachiwiri mwa mapasa. Woyamba ali kuti?"

Esitere anafuna kunena kuti namwino analakwitsa. Bodzalo linafika pakamwa, koma linamulemera. Anakhala pansi nafotokoza zonse: njira ija, mlambe uja, zitenje, mwana wosalira. Ankalankhula maso ali gwaa, ngati akunena za munthu wina.

Tinyade anamuyang'ana, madzi akudontha m'tsitsi mwake.

"Ndiye chigumu chaching'ono chija n'chake?"

"N'chake."

"Ine n'kumanena za nyerere! Amama, bwanji simunandimenye pakamwa? Nanga dzina?"

"Sanamupatse. Koma ine mumtima ndimamutcha Mwabi."

Aka kanali koyamba kuti dzinalo limveke kunja kwa chifuwa chake. Esitere anachita mantha, nagwira mkono wa Tinyade mwamphamvu ngati wina akubwera kudzamutenga.

"Munamulira?" anafunsa Tinyade.

"Ndikanalira bwanji, mwanawe? Anati ndikalira iwenso upita."

Tinyade anadzuka n'kupita kukhitchini. Anabwera ndi mbale ija, naivundukula, nanyema chigumucho pakati. Theka anadya yekha, theka lina anaika m'manja mwa mayi ake. Panja anzake ankamuitana kuti adzajambulitse pafoni.

"Tandionani, Amama. Ndakula, ndine wamtali kuposa inu. Sindikupita kulikonse." Anatseka chitseko, nabwera kudzakhala pafupi. "Mulireni tsopano. Ine ndili pompano."