Galimoto Imene a Yoswa Anasiya Pamsewu

Khasu linagunda chitsulo, mayi Margareta n'kuliponya pambali. Anagwada n'kuyamba kufukula dothi ndi zala kuzungulira tayala lakutsogolo la galimoto. Linali litamira mpaka theka, kapinga atalizinga mbali zonse.

"Amayi, tasiyani zimenezo," anatero mwana wawo Felton, ataima pageti ndi kapu ya tiyi m'manja. "Papita masiku anayi okha chiikireni abambo. Anthu akakuonani mukukumba pamsewu aziti chiyani?"

"Anthu ananena kale zonena zawo. Katenge fosholo."

Galimotoyo a Yoswa anabwera nayo kuchokera ku Joni, kumene anakalambira akusamala maluwa kwa azungu. Abwanawo pobwerera kwawo anawasiyira ngati zikomo. Sinali galimoto wamba ayi. M'kati munali bedi, kasinki, kabati ndi chitofu, nyumba yathunthu yokhala pamatayala. Tsiku limene inafika pa Dowa Boma ana anaithamangira kuchokera kumsika. Inakwera chitunda cha kwawo ikutsokomola, n'kudzafera pamsewu, mphuno ili pageti lawo, matako ali pageti la aneba awo, mayi Esitere. Pamenepo m'pamene inakhala zaka khumi ndi chimodzi.

Kamsewuko n'kopanikiza kale. Ngolo ya chimanga inkachita kutsitsira matumba kumtunda, eni ake n'kumasenza pamutu. Lole ya fodya inkabwerera chafutambuyo. Mvula ikagwa madzi ankalambalala galimotoyo n'kukakumba ngalande pamakomo pa anthu. Aliyense wobwera kudzadandaula a Yoswa ankamuvulira chipewa, n'kumuyankha mwaulemu wonse kuti, "Sabata lamawa ichoka, kwangotsala kachitsulo kamodzi." Mpaka dzina linaikanirira. Ukafunsa njira ya kuchigayo ankakuuza kuti ukafika pa Sabatalamawa upitirire kutsetsereka.

Koma manyazi enieni anabwera Loweruka, tsiku la maliro. Pakati pa galimotoyo ndi geti panali pongodutsa munthu mmodzi chammbali, ndipo bokosi linakana kukhota. Adzukulu anayesa uku, anayesa uku, kwaya ikubwereza nyimbo imodzimodziyo kachitatu. Mapeto ake anagumula mpanda wa mayi Esitere, mtembo wa a Yoswa n'kudzera pabwalo la eni ake, pakati pa thandala la mbale ndi khola la nkhuku. Mayi Esitere anaima pakhonde atagwira pakamwa.

Pobwera kumanda mayi Esitere anakokera mayi Margareta pambali.

"Amake Felton, maliro n'kulirana, n'chifukwa chake mwationa. Koma ndisakubisireni, azimayi ambiri amumsewu uno anakana kubweretsa ufa ndi nkhuni. Ndachita kuwapempha khomo ndi khomo. Chinthu chijachi chikapitiriza kukhala pamenepaja, tsiku lanu likadzafika mudzadzilira nokha."

"Lachinayi chichoka, aneba."

"Osati sabata lamawa?"

"Ndati Lachinayi."

Tsopano linali Lachitatu, ndipo Felton anabwera ndi fosholoyo monyinyirika. Anakumba kawiri katatu, n'kutsamira chitseko cha galimotoyo.

"Injini yake ndi yabwinobwino, amayi. Ku Lilongwe ndili ndi mnzanga makaniko. Mungondipatsa mwezi umodzi."

Mayi Margareta anaseka, koma sikunali kuseka kokondwa.

"Abambo ako ankati sabata, iwe wakweza wati mwezi. Magazi sanama."

"N'chokhachi chimene atisiyira. Mukufuna anthu a zitsulo akachiduledule ngati ng'ombe?"

"Iwe Lamulungu ukwera minibasi, ubwerera kwanu kutauni. Ine nditsala muno. Ndikadzagwa m'nyumbamo adzandidzutsa ndani? Mpopi ukaphwa ndikapempha madzi kwa yani? Ndakalamba, Felton, ndilibe mwamuna, ndipo aneba ndatsala pang'ono kuwataya chifukwa cha chitini ichi. Kumba."

Ankadana nayo galimotoyo, ndipo sankabisa. Analowamo kamodzi kokha, tsiku lija inafika, a Yoswa akuwaonetsa kasinki ndi kuwalonjeza maulendo. Chichokereni apo ankangoiona ngati mkazi mnzawo wapamitala, wosaphika, wosalima, koma wodya mtima wa mwamuna. Ngakhale masiku ano akulira, mkwiyo unkabwera n'kukhala pambali pa chisonicho. Amuna awo anapita atawasiyira mlandu pamsewu.

Madzulo Felton anabwereka matayala akale anayi kugalaji n'kuwamanga.

Lachinayi m'mawa kunacha ndi nkhungu yochokera kumapiri, ndipo thirakitala ya ogula zitsulo zakale inafika nthawi yake. Woyendetsa anakoleka tcheni kutsogolo. Anthu anatuluka m'makomo mwawo, azimayi atafunda zitenje, kudzaona ngati n'zoona. Felton anatsegula chitseko kuti agwire chiwongolero, n'kubwerera m'mbuyo.

"Amayi, muli munthu muno."

Pampando wakutsogolo panali a Gregorio, amuna awo a mayi Esitere, atavala jekete ndi chipewa, kajumbo ka mchere kali pamiyendo. Ukalamba unawasokoneza mutu kalekale, ana awo omwe sankawazindikira. Mayi Margareta ankadziwa kuti m'mawa uliwonse a Gregorio ndi a Yoswa ankakhala m'galimotomo, ndipo ankangotsonya ali kukhitchini kuti amuna akuluakulu kusewera galimoto ngati ana.

"Adalaivala achedwanso lero," anatero a Gregorio. "Dzana sanabwere, dzulo sanabwere. Amayi akundidikira ku Chisepo, mchere unawathera."

Amayi awowo anamwalira zaka makumi atatu zapitazo.

Mayi Esitere anatulukira ndi dengu la tomato pamutu, ali pa ulendo wa kumsika kumene amagulitsa tsiku lonse. Ataona chipewacho pagalasi anathamangira.

"Bambo, mukutani m'menemo? Tsikani, mukundichititsa manyazi."

"Sitinafike."

Anawagwira mkono n'kukoka. A Gregorio anakakamira mpando ndi manja onse awiri. Felton anayesa kuwanyengerera, osatheka.

"Andivuta sabata lino," anatero mayi Esitere akupuma mwawefuwefu. "Lolemba ndinawapeza kusiteji, Lachiwiri anawabweza a njinga ali panjira ya ku Mponela opanda nsapato. Zimenezi anasiya zaka zitatu zapitazo. Ine ndimati mankhwala akuchipatala aja anagwira."

"Adalaivala aja sandikoka chonchi," anadandaula a Gregorio, akuyang'ana mayi Margareta ngati kwa munthu woweruza. "Tsiku lililonse amandiperekeza. Amatchula masiteji onse, sadumpha. Tikafika amatsika, amanditsegulira chitseko, amati amayi apita kumunda, tibwerenso mawa. Ndiye timabwerera, ndimakagona."

Mayi Esitere anasiya mkono uja. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana mpando wopanda munthu wa adalaivala, dengu likupendekeka pamutu mpaka tomato awiri anagwa n'kugubuduka motsetsereka. Palibe anawatola.

Inu a Yoswa, anatero mayi Margareta mumtima, kungotsegula pakamwa n'kunena kunakuvutani chiyani? Zaka zitatu anthu akukutukwanani, ine ndikukutukwanani, inu kumangovula chipewa. Komabe ankawadziwa amuna awo. Sakananena, chifukwa kunena kukanakhala kuyalutsa mnzawo pamaso pa msewu wonse. Ndipo ankadziwanso kuti zaka zisanu ndi zitatu zoyambazo panalibe Gregorio aliyense, anali makani awo basi. Sanadziwe kuti awakwiyire kapena awalire.

"Amayi," anatero wathirakitala, "tikoke kapena tisakoke? Ine ndili ndi ulendo wina ku Ntchisi."

Mayi Esitere anayang'ana azimayi aja anawapempha khomo ndi khomo, n'kuyang'ana mpanda wawo umene unali chigumukire. Sakanapempha kuti itsale, iwo amene anatsogolera kuti ichoke. Nawonso mayi Margareta anaona maso a anthuwo. Ngolo zawo zinali zomwezo, ngalande pamakomo pawo inali yomweyo, ndipo mvula inali pafupi. Akanati abweze mawu lero, bwenzi atakhala Sabatalamawa wachiwiri mpaka kumanda.

"Nanga mawa ndidzawauza chiyani?" anafunsa mayi Esitere chapansipansi, osayang'ana munthu.

"Sindikudziwa, aneba."

Felton anakwera n'kugwira chiwongolero, maso ali ofiira. A Gregorio anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu ndinu atsopano eti? Simudziwa ntchito. Enawo sanyamuka asanandimange."

Anakweza manja m'mwamba ngati mwana woti avekedwe malaya, n'kudikira.

Mayi Margareta anasendera pafupi. M'galimotomo zonse zinali zitatha, kasinki kali dzimbiri lokhalokha, denga likulendewera, pansi pali mabowo oonekera dothi. Anapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kukoka lamba. Lambayo anabwera mosavuta. Pamene anaperepeseka panali posokedwa bwinobwino ndi ulusi wobiriwira, womwe uja anausowa m'chitini mwawo chaka chatha n'kunamizira makoswe. Kachitsulo kake kanali kowala, kakununkha mafuta atsopano.

Anadutsitsa lambayo pachifuwa pa a Gregorio, anakonza kolala ya jekete kuti isapindike, n'kukanikiza mpaka kachitsulo kanalira kuti khethe. Kajumbo ka mchere anakabwezera m'manja mwawo. Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Kokani," anauza wathirakitala. "Mukaime pachigayo kuti atsike. Koma musathamange, muli munthu."

Tcheni linakungika, matayala anatuluka m'maenje mwake. Mayi Esitere anatula dengu pakati pa msewu, anaika dzanja pawindo la amuna awo n'kumayenda pambali. Mayi Margareta anatsatira pambuyo, kuti akafika akatsegule chitseko ndi kunena za kumunda zija.