Mpanda wa a Torleif Unazimitsidwa Mpaka Loweruka

Munthu angazungulire Norway yense, kuchokera kumadoko a kumwera mpaka kumene dzuwa limakana kulowa, nkhosa zonenepa ngati za a Torleif Brenden a ku Skarvdal sangazipeze. Anayamba ndi zazikazi ziwiri zokha, koma pofika chaka chimenecho busa lawo linkachita kuyera mbee. Chimene chinkazisunga ndi mpanda wamagetsi, chifukwa nkhalango ya kuseri kwa phiri ndi ya mimbulu.

Mudziwo unali utasintha. Nyumba za okalamba amene anamwalira zinagulidwa ndi achinyamata a ku Oslo, anthu ogwira ntchito pakompyuta atavala zogonera. Intaneti yawo inkadzera m'waya wakale wa telefoni, ndipo chilimwe chonsecho inkangoduka. Pamsonkhano wa pakanema, nkhope ya bwana inkauma kukamwa kuli yasa.

Kampani ya telefoni inatumiza katswiri wake, Eivind, amene anayenda m'mudzimo ndi kachipangizo kolira ngati nkhululu. Kanalira kwambiri pabusa la a Torleif. Mpanda wawo unkayenda moyandikana ndi waya wa telefoni, ndipo magetsi akagunda, intaneti inkagwa.

"Madala, nkhosa zanu zikudya intaneti ya anthu," anatero Eivind akuseka.

"Zanga zimadya udzu. Mpandawu ndinamanga iwe usanamere mano."

Nthabwala ya Eivind inafika kwa mtolankhani, ndipo nyuzipepala inatulutsa chithunzi cha nkhosa italuma waya. Nkhaniyo inawoloka nyanja. Anthu a ku Japan, amene sanamvepo fungo la khola, anaseka a Torleif mpaka misozi.

Msonkhano unachitikira muholo ya mudzi, khofi ndi timakeke totchedwa mawafulo zili patebulo. Ankatsogolera ndi Ingunn Tveit, mmodzi wa obwerawo, mayi wa mawu ofewa amene sanakanidwepo kanthu.

"Palibe akukuimbani mlandu, a Torleif," anatero. "Loweruka tichita dugnad. Tonse tibwera ndi mafosholo, tisunthe mpandawo utalikirane ndi waya. Inu mungouzimitsa mpaka tsikulo."

"Mimbulu mwaiuza za Lowerukalo?"

Holo yonse inaseka, poyesa kuti mkuluyo akucheza.

"Mimbulu imaopa anthu, madala," anatero mnyamata wina wa ndevu zopesa. "Ndinawerenga."

"Iyo inawerenga?"

Anasekanso, kenako manja anakwera m'mwamba. A Torleif anayang'ana manjawo. M'chigwa chimenecho mwamuna sakanira mudzi wonse pagulu, ndipo dugnad, ntchito yothandizana popanda malipiro, ndi imene inamanga holo imene anakhalamoyo. Iwo eni anasenza mitengo ya denga lake. Anagwedeza mutu, napita kwawo kukazimitsa mpanda.

Intaneti inachira tsiku lomwelo. Ndipo chinthu chikachira, ndani amakumbukira mankhwala?

Loweruka kunacha ndi dzuwa, loyamba patapita masabata a mvula. A Torleif anayala mizati yatsopano pabwalo, akazi awo a Ragnhild nawiritsa khofi wa khamu. Magalimoto anayamba kudutsa, mabwato ali padenga, onse kulowera kutinyumba tawo ta kumapiri. Ingunn yekha ndiye anaima, natsitsa galasi.

"Dzuwa ngati ili, a Torleif, ana sangatikhululukire. Tasunthira Loweruka linalo."

"Ndiye mpanda ndiyatse?"

"Ayi chonde, Lolemba ndili ndi msonkhano waukulu. Ndinu munthu wabwino inu."

Galimoto inanyamuka. A Ragnhild anaima pakhomo, ketulo ili m'manja.

"Kayatseni, bambo. Akupangani chiyani?"

"Ndinavomera pamaso pa anthu."

"Anthu ake ati? Omwe akukawotcha masoseji kuphiriwa?"

"Mawu ndi anga, si awo."

"Nkhosanso ndi zanu. Mwakalamba ndi liuma lomweli."

A Torleif anayamba kukumba okha. Nthaka ya ku Skarvdal ndi miyala yokhayokha, ndipo msana wawo unali utatha kale. Pofika Lachitatu anali ataimika mizati yowerengeka, yosakwana ngakhale mbali imodzi. Loweruka lachiwiri ana a m'mudzi anali ndi mpira kutauni, ndipo makolo onse anapita kukachemerera.

Mmbulu sufulumira. Umayendera mpanda, kununkhiza, kubwerera, mpaka tsiku limene mphuno yakhudza waya osamva kanthu. Lolemba m'mawa a Torleif anamva makwangwala asanatsegule chitseko. Atafika pabusa anapeza ubweya uli mbwee paudzu. Mimbulu inadya imodzi yokha, zinazo inangong'amba n'kusiya. Zina zinali zikupumabe, ndipo anabwerera kunyumba kukatenga mfuti kuti azimalize okha. A Ragnhild anawagwirira chipata.

Mtolankhani sanabwerenso. Nkhosa zakufa siziseketsa.

Mudzi unatumiza maluwa. Ena anati akanatiuza kuti zinthu zafika pamenepo tikanabwera, koma mkuluyo salankhula. Nkhosa zotsala zinasiya kudya bwino, zinkangounjikana pakona n'kumanjenjemera, ndipo masamba atayamba kufiira a Torleif anazikweza mulole ya kophera nyama.

Tsiku limenelo Ingunn anabwera ndi keke. Anakhala pakhonde, nayang'ana busa lopanda kanthu kutsetserekera kumtsinje.

"Zatipweteka tonse, a Torleif, musaganize kuti ayi," anatero. Anadula keke, nawapatsa chidutswa chachikulu. "Koma ndifunse. Mnzanga wina wa ku Oslo akufuna malo omangapo nyumba. Ndinamuuza kuti kuno intaneti ndi yabwino tsopano. Busali muli nalo maganizo anji?"

A Torleif anatafuna keke pang'onopang'ono mpaka anameza.

"Muuzeni abwere Loweruka," anatero. "Andipeza."