Mphini za pa Diresi

Amuna anga, a Sebastiano, ali ndi mtima wabwino, koma liuma lawo ndi la mtengo wa tsanya. Zaka zonse zimene ankasoka pa khonde la sitolo pa boma pa Chikwawa sanavomerepo kuti msoko wawo wakhota. Kasitomala akadandaula, iwo ankati chokhota ndi thupi la mwini chovalacho.

Mwana wathu Monalisa anakulira pansi pa makina amenewo, akutola tinsalu totsala n'kumavekera chitsononkho. Tsiku lina anafunditsa chitsononkhocho kansalu koyera n'kunena kuti ndi mkwatibwi. Bambo ake anaseka, kenako anadzimenya pachifuwa. Anati diresi la ukwati wake sadzasoka munthu wina, adzasoka ndi iwo. Lonjezo limeneli ankalibwereza kwa aliyense, ngakhale kwa munthu wodzangoikitsa batani.

Ndiye kunabwera matenda a shuga, n'kuyamba kuwadya maso. Poyamba ankandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi, akunamizira kuti masingano a masiku ano ndi opanda mabowo. Kenako mzere wa choko unayamba kuwasowa pansalu. Pamapeto pake makina tinawakweza pa ngolo kubwera nawo kunyumba ku Kasisi, ndipo iwo anawafunditsa chitenje ngati maliro. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali kukhala pansi pa mtengo wa nimu ndi kukalipira nkhuku. Zinkandipweteka mtima kwambiri, koma ndikawauza ankati ndikuwamvera chisoni, ndipo chisoni iwo sachifuna.

Monalisa anali atakula, akukhala ku Blantyre. Ntchito yake ndi yolemba ndi kujambula pa masikipa, zipewa ndi zikwama za nsalu. Amagula ku Limbe timabotolo ta penti tokhala ndi kamlomo kosongoka. Ukafinya, penti amatuluka ngati mankhwala otsukira mano, ndipo akauma salowa m'nsalu, amatsala pamwamba ali tumphu. Amayi a zinkhoswe ndi a makwaya amamukonda chifukwa dzina lolembedwa choncho limaoneka uli patali.

Atapeza mwamuna, Gabriel wa ku Nsanje, ndipo ankhoswe atamaliza zawo, mwanayo anatsika phiri pa minibasi kudzakamba za tsiku la ukwati. Bambo ake sanamulole n'komwe kumaliza.

"Diresi ukabwereke ku Blantyre konko," anatero. "Ndipo m'tchalitchi adzakuperekeza ndi bambo ako aang'ono a Feston. Munthu wosaona angaperekeze bwanji mnzake?"

"Baba, munalonjeza."

"Analonjeza ndi telala. Telalayo kulibe."

Ine ndinalowererapo. "Bambo a Mona, mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Isiyeni ifere komweko, a Teresa. Kuuna n'kwake."

Monalisa sanalire. Liuma anatengera kwa bambo ake, koma lake ndi la chete. M'mawa mwake anayala mphasa pansi pa nimu pomwepo n'kuyamba kulemba masikipa a kwaya ina. Bambo ake, pofufuza kapu yawo ya madzi, anagwira sikipa imene inali itauma kale. Dzanja linaima.

"Ichi n'chiyani chonga mphini za agogo ako?"

Sanadikire yankho. Chala chinayamba kuyenda pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. "Ta… ma… nda… ni. Tamandani. Koma chilembo chomalizachi chapendama."

Monalisa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali chifukwa misozi inali italengeza. Anali mawu oyamba amene amuna anga anawerenga okha chichokereni pa khonde lija.

Ulendo wotsatira Monalisa anabwera ndi nsalu yoyera yaitali ndi timabotolo ta penti wagolide. Anaika nsaluyo pamiyendo pa bambo ake. Iwo anaifinya pakati pa zala, naiika pa tsaya, n'kunena kuti si yoipa kwenikweni, zomwe kwa iwo ndi chiyamikiro chachikulu.

"Choko simukuchiona, Baba, koma ichi muchimva. Inu muzindiuza podula ndi posoka, ine ndiziika timadontho, chala chanu chizitsata."

"Nkhabe!" Akakwiya amathawira ku Chisena cha makolo awo. "Penti pa nsalu ya mkwatibwi? Wapenga?"

"Akauma amamatuka ngati nkhanambo. Tikamaliza tidzangomatula."

Ine sikipa imene mwanayu anandilembera ndaichapa mpaka yatuwa, koma zilembo zake zikadali gwa. Ndinadziwa kuti akunama. Ndinangonyamuka n'kupita kukaona mbuzi.

Ntchito sinali ya masewera. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuno limaotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Penti ankaumira m'kamlomo ka botolo, ndipo Monalisa ankangokhalira kubowola ndi pini. Nsalu tinkayanika m'nyumba kuopa fumbi, koma tsiku lina nkhuku inalowa n'kupondapo timadontho tisanaume. Madzulo ake tinaidya nkhukuyo, ndipo sindinaimvere chisoni.

Monalisa anaika timadontho ngakhale pa tepi yoyezera, kuti bambo ake aziwerenga ndi chala. Iwo anamuyeza mapewa ndi chiuno, akung'ung'udza kuti ku Blantyre mwanayo sakudya. Podula, dzanja lamanzere linkatsogola kufufuza dontho, sizasi ikutsatira m'mbuyo. Ankachedwa, ndipo ankapsa mtima ndi kuchedwako.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ndinawauza.

"Ine ndi nkhono yomwe sindikuiona, inu mukuti maso ake?"

Tinaseka tonse atatu, ndipo aka kanali koyamba kuti aseke za maso awo.

Tsiku limene a Sebastiano anavundukula makina, ine ndinalowetsa ulusi n'kuima pambali. Anaika phazi pa chopondera. Makina anatsokomola kaye, kenako anagwira nyimbo yawo yakale. Anansi anayamba kubwera mmodzimmodzi, ena akunamizira kudzapempha mchere. Pa misoko ya m'kati timadontho tinabisika. Koma m'khosi, m'manja ndi m'munsi mwa diresi, a Sebastiano ankasokera pamwamba, choncho timadontho tinali kunja, tikunyezimira pambali pa ulusi. Singano inawabaya kangapo. Ankaika chala m'kamwa msangamsanga, osati chifukwa cha ululu koma kuopa kudetsa nsalu.

Diresi litatha, a Sebastiano anakhala pansi pa nimu nalo pamiyendo n'kuyamba kukanda dontho limodzi ndi chikhadabo. Silinachoke. Anayesa lina. Anandituma mpeni, ine ndinakana. Nkhope yawo inagwa.

"Mona, penti uyu sakumatuka."

"Samatuka, Baba."

"Ndiye ndakuonongera diresi. Anthu onse adzaona kuti telala wake amayenda ndi ndodo ngakhale pansalu. Udzaima pamaso pa abale a mwamuna wako ndi manyazi anga m'khosi."

Monalisa anagwada pa mphasa n'kugwira manja awo onse awiri.

"Ndinakunamizani, Baba, mundikhululukire. Ndikanati samatuka mukanakana. Koma mukuganiza kuti ndinasankhiranji wagolide? Ndikanafuna kubisa ndikanagula woyera. Ndikufuna anthu aone pamene chala chanu chinadutsa."

Chala cha bambo ake chinayendayenda m'khosi mwa diresi. Kenako anatembenukira kumene ankaganiza kuti ndaima, ngakhale anaphonya pang'ono n'kuyang'ana mtondo.

"A Teresa, inunso mumadziwa?"

"Ine ndimadziwa za mbuzi zanga basi."

"Akazi a pakhomo pano ndi mbava," anatero, akupukuta m'maso ndi chigongono kuti misozi isagwere pa nsalu. Za a Feston sanazitchulenso.

Pa tsiku la ukwati tchalitchi chinadzaza, amayi akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Ine ndinakhala kutsogolo, khosi litapotokera ku khomo. Ndinali ndi mantha kuti a Sebastiano apunthwa pa sitepe. Koma analowa ali njo, suti yawo yakale itasitidwa bwino, dzanja lawo lili pa mkono wa mwana wawo. Anthu ankaona bambo akuperekeza mwana. Ndi ine ndekha amene ndinaona chala chachikulu chili pa timadontho ta pa mkono wa diresi, ndi mwanayo akufinya chigongono pang'ono pofika pokhota. Dzuwa lolowera pa zenera linagunda timadontho tija, ndipo mayi wina wa ku Nsanje kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake moyamikira m'Chisena kuti, "Pyadidi! Mikanda imeneyi anaisokerera bwanji?" Ine ndinali ndi ntchito yopukuta m'maso.

Atafika kutsogolo, m'busa anafunsa amene akupereka mkwatibwi. A Sebastiano anati ndi iwo, mokweza kuposa mmene zinafunikira. Ndinkayembekeza kuti abwere adzakhale pansi, koma anatambasula dzanja m'malere kufufuza mpaka Gabriel anawapatsa lake. Anatenga chala cha mkamwini wawoyo n'kuchiika pa timadontho ta pa mkono wa Monalisa, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi chigongono. Pamenepo anaima.

"Wamva apa, mwananga?" Ankayesa kunong'ona, koma kunong'ona sanakuphunzire, ndipo mabenchi onse akutsogolo anamva.

"Ndamva, Baba," anatero Gabriel.

"Apa msoko wakhota. Si thupi la mwanayu ayi, ndi dzanja langa. Usadzalole munthu awongole."

Ndakhala nawo m'banja mpaka imvi, ndipo ndinali ndisanawamvepo akuvomera kuti msoko wawo wakhota. Monalisa anaika chipumi paphewa pawo, veyilo ikugwedezeka. Ine ndinalira mokweza osasamala za abale a mwamuna, mpaka a Sebastiano anatsata kulira kwangako n'kupeza okha mpando wawo pambali panga.