Dinani F2, Bambo

Foni itayamba kulira, Make Mapasa anali pamwamba pa makwerero, mutu uli m'denga la ofesi ina ya inshuwalansi, akukoka waya wa intaneti womwe makoswe anatafuna. Ntchito yake inali imeneyo, kulumikiza makompyuta m'maofesi a anthu. Anatsika pang'ono n'kuyang'ana foni. Anali apongozi ake, bambo a mwamuna wake. Pa zaka zisanu ndi chimodzi za banja, mkuluyo anali asanamuimbirepo ndi kamodzi komwe.

"Apongozi," anatero mkuluyo ndi mawu apansipansi, "laputopu ija yandikana."

Mkuluyo anapuma kale pa ntchito yoyeza madzi a m'madamu, ndipo m'mawa umenewo anaitanidwa kukalankhula pa msonkhano wa akatswiri anzake. Laputopu yake ndi yokhayo inali yamphamvu m'nyumba yomwe onse ankakhalamo. Ndiye sabata yathayo Make Mapasa anapempha kuti aikemo sisitimu yachiwiri, yophunzirira za ntchito yake, pambali pa yakaleyo. Anagawa diski pawiri, ngati kudula chipinda ndi thabwa, aliyense kwake. Ikamayaka inkafunsa kaye kuti ulowa mbali iti. Koma dzulo lake, akuyesa zina ndi zina, anaika mbali yake patsogolo n'kuchotsa kafunso kaja. Nthawi yomweyo mapasa anayamba kukokana tsitsi pakhonde, iye anathamangira kukaleretsa, zobwezeretsa zija n'kuiwalika.

"Mukuona chiyani, bambo?"

"Poyamba kunali mdima, timalemba toyera tikuthamanga ngati nyerere. Pano ikundifunsa dzina lomwe si langa. Anthu makumi anayi akundiyang'ana. Zithunzi zanga zapita?"

"Sizinapite. Mwangolowera khomo lina, katundu wanu ali mbali inayo. Izimitseni kaye. Mukangoyatsa, dinani F2, kabatani ka pamzere wapamwamba."

Panapita kanthawi. Pafonipo pankamveka munthu akutsokomola ndi mipando ikukwekwezedwa.

"Ndadina. Yabwereranso komwe kuja."

"Mwadina kangati?"

"Kamodzi. Ine ndikanena chinthu ndimanena kamodzi."

"Iyoyo ndi gonthi, bambo. Gogodani ngati akutsekerani kunja mvula ikugwa."

Ulendo wachiwiri anamva kugogodako, ta ta ta ta, ngati nkhuku ikujompha pathebulo.

"Kwabwera zabuluu."

"Eya, imeneyo ndiye bayosi. M'menemo ndi momwe laputopu imauzidwa choti iyambe kudzutsa. Mausi sigwira ntchito, yendani ndi timivi. Pitani kumanja katatu. Muona mayina awiri, lina pamwamba, lina pansi. Lanu ndi lapansilo."

Mkuluyo anayamba kuwerenga mokweza zonse zomwe ankaona, pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi. Make Mapasa anazindikira kuti apitirira, afika tsamba lina.

"Pano ikufunsa ngati ndikufuna kufufuta diski. Ndivomere?"

"Ayi! Chotsani chala pamenepo! Chotsani, ndati!"

Mawuwo anatuluka okha. Alembi onse a muofesimo anadzutsa mitu, mayi wina kapu ya tiyi ili m'malere. Make Mapasa anagwira pakamwa. M'nyumba muja ngakhale mwamuna wake, munthu wandevu zake, ankatsitsa mawu polankhula ndi bambo ake.

"Chachoka, mayi," anatero mkuluyo. "Ndiye nditani?"

"Bwererani kumanzere kamodzi. Imani pa dzina lapansilo, mudine F6 kuti likwere. Lakwera?"

"Lakwera."

"Tsopano F10, kenako muvomere."

Anadikira, dzanja lili pa makwerero. Kenako kunamveka kanyimbo kaja komwe laputopuyo imaimba ikamadzuka, ndi mawu a mkuluyo, atatalikira foni, akuuza anthu kuti pepani chifukwa cha kuchedwa, tiyambe ndi damu loyamba. Foni inaduka popanda kutsanzika. Make Mapasa anakweranso n'kukamaliza waya wake.

Madzulo anapeza mkuluyo atafika kale, atavula nsapato, laputopu ili patebulo lodyera. Anapereka moni atawerama kuposa masiku onse. Mwamuna wake anafunsa bambo ake kuti msonkhano wayenda bwanji.

"Wayenda. Mafunso anachuluka mpaka anatidula." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. "Koma iwe, mkazi wakoyu ali ndi mawu. Foni inali pafupi ndi maikolofoni, holo yonse yamva."

Mwamunayo anayang'ana mkazi wake, osamvetsa. Palibe anamufotokozera.

Mkuluyo anakankhira laputopu kwa Make Mapasa. "Kafunso kaja mubwezeretse. Koma kazidikira nthawi yaitaliko, maso anga sathamanga."

"Masekondi makumi atatu akwana, bambo?"

"Ikani makumi anayi."

Make Mapasa anakoka mpando n'kuitsegula. Mkuluyo anasendeza wake pafupi, natulutsa kabuku ndi cholembera m'thumba la jekete, n'kumuuza kuti azichita pang'onopang'ono.