Nyimbo ya Alamu Anga a Annegret

"Asanatseke bokosi ndiimba ndine," anatero alamu anga a Annegret. Tinali titaima pamdipiti wa magalimoto pa mlatho wa ku Old Town, nkhata za maluwa zili kumpando wakumbuyo.

Ine n'kuti nditatoperatu ndi siwa. "Alamu, namfedwa saimba. Amalira, ena n'kumamuimbira."

"Kulirako kwandikanika, Lonely. Mwaona nokha."

Tinaonadi. Azimayi anali atayamba kale kunong'onezana kuti mzunguyu ngouma mtima.

Alamuwa anali Mjeremani. Zaka makumi awiri ankaimba opera, masewero aja oti nkhani yonse amachita kuiimba, ndipo iwo mbali yawo inali ya mawu okwera kwambiri. Achimwene anga a Davison anakawapeza kwawo komweko atapita kukaphunzira udokotala, n'kuwakwatira. Kenaka alamu anatuluka chotupa chapakhosi, opaleshoni, basi mawu anathera pomwepo. Anadzakhala ku Area 10, ndipo zaka zonsezo sitinawamvepo ngakhale kung'ung'udza potsuka mbale. Achimwene ali gone m'chipatala anawapempha kanyimbo kamodzi kokha. Anakana. "Mawu osweka sindingapatse munthu," anatero. Makani a mayi amenewa, inu! Sabata isanathe achimwene anatisiya.

Masana, abusa atatha pemphero pakapinga wa kunyumba kuja, amuna awiri ananyamula chivundikiro cha bokosi. Alamu anadzuka pamphasa, chitenje chimene ndinawamanga chikumasuka m'chiuno.

"Dikirani," anatero.

Anayamba m'Chijeremani. Mzere woyamba unatuluka woonda koma woongoka, mpaka ndinachita tsembwe. Pokwera pa mzere wachiwiri mawu anakhwekhwereza ngati chitseko chadzimbiri. Anayambiranso. Panatuluka mpweya wokhawokha. Ndinazyolika, manyazi ndi chisoni zitandigwira pamodzi.

Komatu kwathu kuno woyambitsa nyimbo sasiyidwa yekha. Mayi Chitemwa a chigwirizano, osadziwa ndi liwu limodzi lomwe la Chijeremani, anatola chuni chija n'kuyamba kuching'ung'udza. Ena anavomera, mmodzimmodzi, mpaka bwalo lonse. Alamu anacheuka nkhope ili psu, poti kwawo palibe amene amalowerera nyimbo ya mwini wake. Ndinati lero tichita manyazi kawiri.

"Ayi, ayi," anatero ndi mawu asasa. "Mwatsitsa."

Anakweza dzanja lamanja, chikhatho chili chagada, ngati akutinyamula. Tinakwera. Anakwezanso, ndipo tinakweranso, azimayi otopa osagona, mpaka tinafika paja iwo anagwera n'kupitirira. Dzanjalo analisiya m'mwamba momwemo. Iwo anali atatembenukira kubokosi, milomo ikutchula mawu onse bwinobwino popanda chomveka, misozi ikudontha pachibwano.

Amuna aja anayang'anizana, n'kutsamiritsa chivundikiro kukhoma.