Laibulale Yosaitanidwa

Telala anafika pa kashopu ka msuweni wake wokonza makompyuta dzuwa lili paliwombo, mwana kumsana, kompyuta m'jumbo. Kashopuko kanapanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa matayala akale, ndipo m'kati munkanunkha waya wopserera. Msuweniyo anthu ankamutchula Mawaya, chifukwa ngakhale m'thumba la malaya ake munkasuzumira waya.

"Asuweni, mwabwera ndi wodwala kapena ndi maliro?" anatero Mawaya akuyang'ana jumboyo.

"Ndabwera ndi kazitape. Kapena si kazitape. Undiuze ndiwe."

Kompyutayo inali nkhalamba, batani limodzi linaguluka ngati dzino. Anamubweretsera ndi amuna ake, amene ankagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina m'tauni, foni yake yaikulu itagwera m'beseni la matewera. Anaikonza okha, n'kuikamo pulogalamu yochezera kuti makasitomala azitumiza masitayilo a madiresi. Telala ankaitsegula pambali pa makina osokera. Ankachezeraponso ndi mng'ono wake.

Ndi mng'ono wake yekhayo amene anamulembera kuti wayamba kubayitsa jakisoni wolera. Mwana anali asanasiye bere, msana unali usanabwerere m'malo, koma bambo anali atayamba kale nyimbo ya mwana wamwamuna. Mimba yoyamba inamuchotsa pa sukulu. Sanafune kuti yachiwiri imuchotse pa makina.

Sabata isanathe, amuna ake anamufunsa mofatsa, uku akumwetsa mwana madzi: "Jakisoni uja akukuyanja?" Telala atafunsa kuti amva kwa ndani, iwo anangoti, "Anthu amalankhula."

Anthu ake ati, poti munthu anali mmodzi? M'mawa mwake Telala anapita kumene mng'ono wake ankachita lendi, n'kumutukwana anthu oyandikana nawo akuchapa panja. Anamuuza kuti pakamwa pake ndi ngati chitseko cha chimbudzi cha pamsika. Anamuuza kuti ngati akumusirira mlamu wake angonena, amupakirira ndi zovala zomwe. Mng'ono wake analira, analumbira, Telala anamulavulira malovu pafupi ndi phazi n'kuchoka.

Zikanathera pomwepo. Koma dzana analemba uthenga wina wopita kwa mnzake wakale wa kusukulu, kufunsa ngati munthu wamwana angalembenso mayeso. Ataulemba anachita manyazi, anaufufuta osautumiza. Kutacha, amuna ake akumanga nsapato anati, "Mayeso ndi mwana kumsana? Uziganiza bwino, mayi." Uthenga umene sunapite kwa munthu aliyense.

Mawaya anamvetsera zonsezi akukanda chibwano. Nthabwala zinamuthera. Anayatsa kompyuta, anadina kachithunzi ka pulogalamu yochezera, kenako anatsegula windo lakuda lodzaza ndi tizilembo toyera.

"Ndikufuna ndione malaibulale amene ali m'mimba mwa pulogalamuyi."

"Laibulale? Ya mabuku?"

"Dzina lokha. Iweyo zipi umapanga wekha? Mabatani?"

"Ndimagula."

"Pulogalamu nayonso sichita zonse yokha. Imabwereka tizidutswa topanga kale. Kena ka mawu, kena ka zithunzi, kena ka zilembo. Ndiwo malaibulalewo. Imodzi yomweyo imathandiza mapulogalamu ambiri, ngati simbi imodzi pa mdadada wonse wa nyumba za lendi."

Mayina anatsetsereka pa sikirini, ambirimbiri. Mawaya anatsitsa chala pang'onopang'ono, n'kuima pa lina.

"Iyi sindikuidziwa. Dzina lake likuti ndi ya mawu a sipika."

"Ndiye ndi yabwinobwino?"

"Dzina ndi malaya, asuweni, aliyense amavala. Chofunika n'chakuti inalowa bwanji."

Mwana anatambasula dzanja n'kugwira chingwe cha chaja. Telala anamumenya kadzanjako osatembenuka, n'kumukokera kutsogolo kuti ayamwe. Anakhala pa bokosi la mabatire akufa.

"Fotokoza mwachidule. Ndasiya diresi ya ukwati ilibe manja."

"Malaibulale ena pulogalamu imabadwa nawo. Amene anaipanga analemba pamutu pake kuti, uyu akamadzuka azifuna wakuti ndi wakuti. Ngati iyi yalembedwa pamenepo, ndiye kuti ndi ya m'banja, ili m'kompyuta ya aliyense, palibe mlandu."

Analemba kena kake. Panatuluka mayina ochepa. Anawerenga, anabwereza, anayang'ananso zimene malaibulale enawo amafuna. Dzina lija panalibe.

"Sinabadwe nayo."

"Ndiye ndi wakuba."

"Dikira kaye, iwe umaweruza msanga." Atangonena anadziluma lilime. Telala anayang'ana pansi. "Ndikutanthauza kuti, ena pulogalamu imawaitana yokha ili kale pa ntchito. Mwina wafuna kuimba foni, iyo n'kuti, ya sipika ibwere. Monga iwe umaitanira wopeta maluwa kasitomala akafuna. Zimenezo si zachilendo."

"Udziwa bwanji kuti inachita kuitanidwa?"

"Pa mzere. Kompyuta imawaimika mmene anafikira. Obadwa nawo kutsogolo, oitanidwa pambuyo kumchira."

Wometa wa pakhomo lina anasuzumira kufuna kubwereka sikuludilaiva. Ataona bere anabweza mutu msanga, n'kupepesa khoma. Palibe anaseka.

Telala anayang'ana zala za msuweni wake zikudumpha pa mabatani. Sanadziwe choti apemphe kwa Mulungu. Laibulaleyo ikapezeka kumchira, ndiye kuti ilibe mlandu, ndipo iye atsala ndi mng'ono wapakamwa ndi mwamuna wolota zimene mkazi wafufuta. Ikapezeka kwina, ndiye kuti malovu aja anagwera pa phazi la munthu wosalakwa. Konsekonse kunali minga.

Mawaya anatembenuzira kompyuta kwa iye.

"Pamwambapa ndi pulogalamu yeniyeniyo. Ona amene waima pambuyo pake."

Telala sukulu anaisiyira panjira, koma kufananiza zilembo ankatha. Linali dzina lomwe lija. Linaima patsogolo pa onse, ngati mkazi wa bwana pa mzere wa kuchipatala.

"Yaposa ndi eni nyumba omwe," anatero Mawaya motsitsa mawu. "Woitanidwa saima pamenepa. Iyi munthu anachita kuikankhira m'kati pulogalamu isanatsegule n'komwe maso. Ndipo woima patsogolo ndi amene amayamba kulandira chilichonse. Ukadina chilembo, chimadutsa kaye m'manja mwake."

"Ngakhale ndifufute?"

"Kufufutako nakonso amakuona."

Telala anachotsa mwana kubere. Mwanayo anayamba kulira, iye osamva.

"Ndionetse. Usandiuze, ndionetse."

Mawaya anatseka pulogalamu. Anaitsegulanso osadina kachithunzi, anangolemba dzina lake m'windo lakuda lija. Anaonetsa mzere: mlendo uja panalibe. Anatsekanso, n'kumuuza Telala kuti adine yekha kachithunzi monga amachitira m'mawa uliwonse. Telala anadina ndi chala chobayidwabayidwa ndi singano. Mlendo uja anabwerera pamalo pake, kutsogolo.

"Khomo ndi kachithunzika," anatero Mawaya. Anakatsegula m'kati ngati mmene Telala amatembenuzira malaya kuti aone msoko. Munali mawu owonjezera, olamula kuti laibulaleyo iyambe kulowa. "Ndiye kuti umamutsegulira wekha tsiku ndi tsiku."

Kenako analumikiza kompyutayo ku intaneti ya mushopu, anatsegula windo lina loonetsa zotuluka, n'kulemba mawu akuti nkhuku m'bokosi la uthenga osatumiza. Pa windo lija tinambala tinagwedezeka. Kena kake kanatuluka.

"Nkhuku yapita," anatero, kuyesa kuseka. Sizinatheke.

"Yapita kwa ndani?"

"Kumene ikupita kulibe dzina. Koma kachithunzi aka sikasinthidwa ndi munthu wamba. Pamafunika pasiwedi yaikulu, ya mwini kompyuta. Uli nayo?"

"Anandipatsa yaing'ono. Anati yaikulu ndingawononge zinthu."

Panja galimoto inaimba hutala kwa ogulitsa matayala. Mawaya anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Mwina alamu amaopa akuba a pa intaneti. Masiku ano anthu..."

"Usandinyengerere ngati khanda, Mawaya. Khanda ndi ili."

"Chabwino. Ndichotse? Ndi ntchito yosachedwa. Koma udziwe kuti zikangosiya kufika, azindikira lero lomwe."

Telala ankaona m'maganizo mmene amuna ake anabwerera nayo kompyutayo, ataikulunga m'thawulo, akumwetulira, azimayi a pamdadada akumuchitira nsanje kuti wapeza mwamuna wodziwa kusamala mkazi. Iye anawaphikira tiyi wa mkaka tsiku limenelo. Anakumbukiranso kuti atabwerako kokatukwana kuja, anawafotokozera zonse, ndipo iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Abale ndi choncho." Anadya, anagona, analiza mkonono.

"Usachotse kaye. Sendera."

Anamupatsa Mawaya mwana, iye n'kumulandira ngati wapatsidwa wailesi yonyowa. Telala anakokera kompyuta pa maondo n'kupeza dzina la mng'ono wake. Analemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono. Analemba kuti walakwa. Kuti sanali iye. Kuti mawu onena za mlamu aja akanatha kuwameza akanawameza ndi mchenga womwe. Kuti abwera kudzagwada pamaso pa anthu omwe aja amene ankachapa. Anadina kutumiza.

Uthenga unakhala pomwepo. Pamene pankakhala nkhope ya mng'ono wake panali kabwalo kotuwa.

"Netiweki yako ndi yaulesi," anatero Telala.

"Netiweki ili bwino." Mawaya ankagwedeza mwana, maso ali kudenga. "Anakubuloka."

"Ndiye ndipita ndi miyendo."

"Asuweni." Mawaya anasiya kugwedeza mwana. "Anasamuka. Anthu a pamenepaja anayamba kumutchula wolanda alamu, ana ndi akulu omwe. Anabwera kuno kudzasintha nambala."

"Ali kuti?"

"Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze."

"Ndine mkulu wake!"

"Anati mkulu wake anamwalira tsiku lija."

Telala anayang'ana mawu ake pa sikirini, kupepesa konse kuja kuli ndondondo ngati msoko wowongoka pa nsalu yolakwika. Pa windo lina lija tinambala tinali titangomaliza kugwedezeka.

"Ndiye palibe amene awerenge," anatero.

Mawaya anangoyang'ana windo la tinambala lija.

M'chikwama cha matewera kafoni kake ka mabatani kanayamba kulira. Anakatulutsa. Pa kagalasi kosweka panalembedwa kuti Bambo a mwana. Anakayang'ana mpaka kanasiya. Kanayambanso.

Analandira mwana, anamuponya kumsana, anamanga nsalu mothina mpaka mwanayo anadandaula. Kompyuta anaisiya chitsegukire pa tebulo.

"Nanga iyi?" anafunsa Mawaya.

"Mwini wake akudziwa kumene ili. Iwe ukamuuze mng'ono wanga zimene waonazi. Umuonetse mzerewo ngati mmene wandionetsera ine. Akakana kubwera, akane akudziwa."

"Akandifunsa kuti iwe uli kuti?"

Telala anaima pakhomo. Kumanja kunali njira ya kunyumba, kumanzere kunali msewu wa mabasi opita kumene sankakudziwa. Kafoni kankalirabe m'chikwama.

"Umuuze kuti ndili ndi diresi ya eni ake yopanda manja," anatero, n'kukhotera kumanja.